Siling'i yokhakhala m'nyumba: tiisunge kapena tiichotse? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali pansipa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa eni nyumba, ochita lendi, ndiponso abale athu ogwira ntchito za penti ndi pulasitala muno mu Harare. Ngati muli ndi changu, yambirani pa funso lachitatu, koma musakhudze siling'i yanu ndi chopalira musanawerenge za asibesitosi, mwala wa ulusi umene fumbi lake limawononga mapapo.

Kodi siling'i yokhakhala ndi iti kwenikweni?

Ndi siling'i imene adaimata pulasitala wopyapyala, n'kumusiya wosasalaza mwadala. Ina ili ndi timinga tating'onoting'ono tochita kudinda ndi bulashi, ina ili ndi mizere yokhota yochita kupesa, ina adachita kuipopera ndi makina ndipo imaoneka ngati mbuliwuli zomatirira kumwamba. Ambiri amangoti Artex, dzina la kampani ya ku Britain imene idatchuka ndi pulasitala wotere, ngakhale kuti si siling'i iliyonse yokhakhala imene idapakidwa wa kampaniyo. Amisiri ena ankangosakaniza wawo pa malo a ntchito.

Muno mumaipeza kwambiri m'nyumba zakale za ku Avondale, Mabelreign, Greendale, Hatfield ndi Waterfalls, komanso m'mafulati a ku Avenues. Kumbali zathu za Highfield, Mufakose kapena Mabvuku nyumba zambiri zidamangidwa zopanda siling'i n'komwe, ndipo amene ali nayo adachita kuika okha pambuyo pake.

N'chifukwa chiyani anthu ankaikonda chonchi?

Inkabisa zolakwika. Kusalaza siling'i kuti ikhale see, popanda mzere woonekera pamene mabolodi akumana, ndi luso limene si mmisiri aliyense ali nalo, ndipo limadya nthawi. Wokhakhala amaphimba mikwingwirima, ming'alu ndi mitu ya misomali tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980 inalinso fasho, moti munthu ankanyadira kuti pabalaza pake pali maluwa kumwamba.

Ena amati imachepetsa phokoso. Imachepetsako pang'ono kulira kwa mawu m'chipinda chopanda katundu, koma siletsa phokoso la anthu a pamwamba panu m'fulati. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julaye sikutchinganso. Chimene chimathandiza pamenepo ndi zofunda zoyala pamwamba pa siling'i, m'kati mwa denga.

Mwachidule, ndiisunge kapena ndiichotse?

Ngati ili yolimba, yosasweka, yosanyowa ndipo siyoyoka, isungeni. Ipenteni ikhale yoyera, ndalamazo mukonzere denga kapena mapaipi. Ngati maonekedwe ake akukunyansani moti simungapirire, iphimbeni, kaya ndi pulasitala wosalala kaya ndi mabolodi atsopano. Kuipala kukhale njira yomalizira, pamene yawonongeka kale moti singaphimbike.

Tikutero osati chifukwa choti ndi yokongola. Ina ndi yonyansa ndithu, makamaka ija yochita kupopera imene imakola fumbi. Nkhani ndi yoti siling'i imene yangokhala phee siputa munthu, pamene kuipala kumadzaza nyumba ndi fumbi limene mwina muli zinthu zowononga mapapo.

Ndamva kuti muli asibesitosi. Kodi n'zoona?

Mu ina muli, mu ina mulibe. Pulasitala wokhakhala wa ku Britain ankasakanizidwa ndi asibesitosi woyera mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, kuti azigwira bwino ndi kusang'aluka. Ankakhala wochepa, kawirikawiri wosapitirira magawo 5 pa 100. Dziko la Britain lidaletsa asibesitosi wa buluu ndi wofiirira mu 1985, ndipo woyera lidamuletsa mu 1999. South Africa idaletsa mitundu yonse mu 2008.

Kuno nkhani ndi yosiyana. Zimbabwe idali limodzi mwa mayiko okumba asibesitosi woyera wambiri padziko lonse, ku mgodi wa Shabanie ku Zvishavane ndi wa Gaths ku Mashava, ndipo malata a asibesitosi afolera nyumba zosawerengeka m'makomboni. Choncho musatengere zaka za ku Britain n'kumati nyumba yanga idamangidwa pambuyo pa 1999, ndiye ilibe kanthu.

Palinso china chimene anthu amaiwala. Pulasitala akhoza kukhala wopanda asibesitosi, koma bolodi limene adamatapo n'kukhala la simenti yosakaniza ndi asibesitosi. Mabolodi otere ndi otuwa, olimba, olemera, ndipo nthawi zambiri pamene akumana pamakhala timatabwa topyapyala tophimba mzere. Mukawagogoda ndi chala amalira mouma, mosiyana ndi Rhinoboard, bolodi la pulasitala, imene imalira mofewa ndipo ili ndi pepala kumsana. Kukwera m'denga ndi tochi n'kuyang'ana kumsana kwa bolodi kumakuuzani zambiri kuposa kuyang'ana muli pansi. Pondani pa mitanda yokha.

Ndingadziwe bwanji ngati pulasitala wanga ali naye?

Ndi maso simungadziwe. Ulusi wake ndi waung'ono zedi ndipo udasakanikirana ndi pulasitala. Mmisiri amene angoyang'ana kumwamba n'kunena kuti "ameneyu alibe vuto, bwana" akungoganiza, ngakhale atakhala kuti wagwira ntchitoyi moyo wake wonse.

Njira yodziwira ndi kutenga tizidutswa n'kukapimitsa ku labotale kumene amayang'ana pa maikulosikopu. Tizidutswa titengedwe m'malo angapo ndiponso m'chipinda chilichonse, chifukwa kasakanizidwe kankasiyana chidebe ndi chidebe, ndipo zipinda zina zidapakidwa zaka zosiyana. Potenga, nyowetsani malowo kaye ndi madzi othira sopo pang'ono, dulani kachidutswa ndi mpeni wakuthwa, ikani m'kapulasitiki kotseka bwino, kenako pakani penti pamene mwadulapo.

Ngati kupimitsa sikutheka, itengeni siling'iyo ngati ili naye. Simutayapo kanthu pochita zimenezi, kupatula kuti simuipala youma.

Takhala pansi pake zaka zambiri. Kodi tadwala kale?

Kukhala pansi pa siling'i yolimba, yopentedwa, si chinthu choti muzisowa nacho tulo. Ulusiwo ndi womangika m'pulasitala ndipo suuluka wokha. Umauluka pamene wina wapala, waboola, wakwecha ndi sandipepa kapena pamene siling'i yagwa n'kuphwanyika.

Matenda ake ndi oopsa ndipo amabwera mochedwa, nthawi zambiri patapita zaka 20 mpaka 40 kapena kupitirira. Alipo ouma mapapo moti munthu amabanika akangoyenda pang'ono, ilipo khansa ya m'mapapo, ndiponso khansa ya kachikopa kokuta mapapo, imene madokotala amaitcha mesothelioma. Amene ali pachiswe kwambiri ndi amene adapuma fumbili mobwerezabwereza pa ntchito. Wosuta fodya amene wapumanso fumbili ndiye chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimakwera kwambiri. Ngati mudagwirapo ntchito ya fumbi lotere ndipo muli ndi chifuwa chosatha kapena phuma, pitani kuchipatala mukanene za ntchitoyo, pakuti ambiri amangoganizira TB.

Koma akuluakulu amati asibesitosi wa ku Zvishavane ndi woyera, si woopsa ayi?

Mawu amenewa timawamva kwambiri, ndipo ena owanena ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'migodi ya kuno. Chilipo choona pang'ono: wa buluu ndi wofiirira ndi oopsa kuposa woyera. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limanena momveka kuti mitundu yonse, kuphatikizapo woyera, imayambitsa khansa. Kuopsa pang'ono si kusaopsa. Malata ali padenga osakhudzidwa ndi nkhani ina. Fumbi lodzaza chipinda chotseka mawindo ndi nkhani inanso.

Ndiiyeretse bwanji? Imakola fumbi ndi akangaude.

Pamenepa ndi pamene siling'iyi imatopetsa. Gwiritsani ntchito nthenga kapena kansalu kofewa komangirira ku ndodo, modutsa pang'onopang'ono. Tsache louma lolimba limathyola timinga tija n'kuyoyolera pansi. Ngati ndi yopentedwa bwino, chiponji chonyowa pang'ono chimachotsa mwaye wa makandulo ndi wa gasi, umene wachuluka m'nyumba zambiri chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi. Ngati sinapentedwepo, madzi amaifewetsa, ndiye musaipukute, ipenteni kaye.

M'khitchini ndi m'bafa sitingainenere zabwino. Mafuta ophikira amalowa m'timaenje ndipo satuluka, ndipo nthunzi imabweretsa nkhungu yakuda. Ngati ndalama zikukwanira chipinda chimodzi chokha, yambani kuphimba kumeneko.

Pali madontho achikasu ndipo pena patupa. Ndichite chiyani?

Siyani siling'i, pezani madzi. Mvula ya kuno ya Novembala mpaka Malichi imaulula matailosi osweka, ngalande za padenga zodzaza masamba a jacaranda, ndi misomali ya malata imene yakhwepa. Ngati dontho likukula nthawi ya chilimwe, ganizirani giza kapena thanki ili m'denga. Kupenta dontho madzi akadali kudontha n'kutaya penti.

Madzi akasiya, dikirani paume kwenikweni, kenako dinani pang'ono ndi chikhatho. Ngati pali polimba, pakani penti wotsekera madontho, uja wa mafuta, musanapake wa madzi. Mukapanda kutero chikasucho chimabwereranso ngakhale mutapaka katatu. Ngati bolodi lafewa kapena lalendewera ngati mimba, latha, liyenera kusinthidwa. Yang'ananinso timitanda timene bolodi lakhomedwapo, pakuti chinyezi ndi chiswe zimayendera limodzi.

Vuto ndi loti chigamba pa siling'i yokhakhala chimaoneka nthawi zonse. Dzanja la mmisiri wa lero silifanana ndi la amene adapesa poyamba, ndipo dzuwa la m'mawa likalowa pawindo limachisonyeza poyera. Bolodi limodzi kapena awiri akawonongeka pabalaza, ambiri amangosankha kuphimba chipinda chonse.

Kodi ndingaipente ndekha?

Inde, ndipo ndi chinthu chabwino kuchita chifukwa penti amamanga pamwamba pake. Gulani rola ya ubweya wautali, osati yosalala ya pakhoma. Pakani modutsa kamodzi, mbali imodzi, osabwerezabwereza malo amodzi akadali onyowa, chifukwa pulasitala wosapentedwa akamwa madzi amamatirira ku rola n'kusupuka. Konzekerani penti wochuluka kuposa wa siling'i yosalala. Sankhani wosawala, wonyezimira amaonetsa kakhakhala kalikonse. Ndipo pokonzekera musakweche ndi sandipepa, ngakhale pang'ono.

Dziwani kuti siling'i yopentedwa kambirimbiri imavuta kuinyowetsa ngati tsiku lina mudzafune kuichotsa.

Oika sola akufuna kuboola kuti adutsitse mawaya. Pali vuto?

Funsoli lachuluka masiku ano pamene nyumba zambiri zikuika sola. Bowo limodzi kapena awiri si ngozi yaikulu, koma aboole mosamala. Njira imene amisiri odziwa amagwiritsa ntchito ndi yosavuta: pamalo oboolapo amapakapo thovu lometera ndevu kapena phala lomatira mapepala, n'kuboola pang'onopang'ono kudzera m'menemo, kuti fumbi likodwe. Akatha amapukuta ndi kansalu konyowa, kansaluko n'kukataya m'pulasitiki yomanga, ndipo m'mphepete mwa bowo amapakamo penti. Pansi payalidwe pulasitiki, ana atuluke.

Magetsi aang'ono olowa m'siling'i ndi nkhani ina, chifukwa mabowo ake ndi aakulu ndipo amakhala ambiri. Ngati mukuwafuna, ganizirani zoika siling'i yatsopano pansi pa yakale, monga tafotokozera m'funso lotsatirali. Fani ya kumwamba isapachikidwe pa bolodi, ikhomedwe pa mtanda.

Ndikufuna siling'i yosalala. Njira zake ndi ziti popanda kupala?

Yoyamba ndi kumata pulasitala wosalala pamwamba pa wokhakhalayo, monga Rhinolite. Mmisiri amayamba wapaka mankhwala ogwiritsa kuti watsopano amatirire pa penti wakale, kenako amamata kawiri, koyamba kodzaza maenje, kachiwiri kosalaza. Imayenda bwino pamene kukhakhalako kuli kochepa ndipo wakaleyo wagwira zolimba. Apa chenjerani ndi chizolowezi cha amisiri ambiri chothyola kaye timinga ndi chopalira kuti pulasitala alowe wochepa. Kuthyolako ndi kupala komwe tikukana kuja. Chenjeraninso ndi kulemera: pulasitala wonyowa ndi wolemera, ndipo ngati wakale anali atayamba kale kulekana ndi bolodi, zonse zimatha kugwa pamodzi patapita masiku ochepa. Muuzeni ayese kaye kachigawo kakang'ono pakona.

Yachiwiri ndi kukhoma mabolodi atsopano pansi pa akale. Rhinoboard ya mamilimita 6.4 ndi imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa siling'i. Ifeyo timaikonda njira imeneyi pamene kukhakhalako kuli kwakukulu kapena pali zigamba zambiri. Zomangira ziyenera kulowa m'mitanda, osati m'bolodi lakale lokha, ndipo mmisiri akwere kaye m'denga aone ngati mitandayo ingasenze katundu wowonjezera. Chipinda chimatsika pang'ono, ndipo mkombero wa m'mphepete umafunika watsopano. Ngati bolodi lakale ndi la asibesitosi, kulibowola paliponse si nzeru. Ndi bwino kumanga timitanda tatsopano pansi pake togwira ku makoma.

Yachitatu ndi PVC, siling'i ya pulasitiki, imene yafala kwambiri. Ndi yopepuka, siopa chinyezi, imapukutika, ndipo imaikidwa msanga. M'bafa ndi yabwino. Koma imabisa kudontha kwa denga: madzi amasonkhana pamwamba pake inu osadziwa, mitanda n'kumaola. Siikondanso kutentha, choncho pamwamba pa chitofu ganizirani kawiri.

Njira iliyonse imene mwasankha, lembani penapake kuti pansi pa siling'i yatsopano pali yakale yosapimidwa, ndipo mudzauze wogula nyumba kapena mmisiri wodzabwera.

Ndimakhala m'fulati, pamwamba panga ndi konkire. Zikusiyana bwanji?

Palibe mitanda yooloka kapena bolodi lolendewera, ndiye kumata pulasitala wosalala kumayenda bwino. Dontho likaoneka, madzi akuchokera kwa mnansi wa pamwamba kapena ku mapaipi a nyumba yonse, ndipo nkhaniyo ipite kwa oyang'anira fulati. Mukaona dzimbiri likutsika kapena konkire ikusweka n'kuonetsa zitsulo, limenelo si vuto la pulasitala ayi, pakufunika injiniya.

Nanga ngati palibe kuchitira mwina, iyenera kuchoka?

Ngati mwapimitsa ndipo mulibe asibesitosi, ndi ntchito yauve chabe: kunyowetsa, kudikira kuti afewe, kupala, kusalaza. Chotchinga kumphuno muvalebe, fumbi la pulasitala nalonso si chakudya cha mapapo.

Ngati ali naye, kapena simukudziwa, ntchitoyi ndi ya anthu amene adaphunzira ndipo ali ndi zida zake. Muziona izi akamagwira: katundu yense watuluka, pansi ndi pazitseko pamatidwa pulasitiki yochindikala, pulasitala akunyowetsedwa nthawi yonse ndipo akugwa ngati phala, palibe makina okwechera, palibe tsache, palibe makina opopa fumbi a m'nyumba chifukwa amangolimwaza m'mwamba. Kumaso avale chotchinga cha mtundu wa FFP3 kapena P3 chogwira bwino. Tija ta nsalu tidazolowera nthawi ya Covid sititchinga ulusi umenewu, ndipo ndevu zimalowetsa mpweya m'mbali. Zinyalala zilowe m'matumba awiri, limodzi m'kati mwa linzake, zolembedwa. Musazitaye m'bini wamba, musakwirire nazo maenje a mumsewu, ndipo musazisiye kudambo kumene anthu amalima chimanga. Funsani a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, kapena a khonsolo ya mzinda za kotaya.

Nthawi zina kutsitsa bolodi lonse lathunthu, pulasitala ali pomwepo, kumatulutsa fumbi lochepa kuposa kupala.

Ndine waganyu. Abwana andipatsa sandipepa kuti ndisalaze siling'i. Ndiwayankhe bwanji?

Funso ili ndi limene limatikhudza kwambiri, chifukwa m'nyumba zambiri za kumayadi amene amakwera pa makwerero ndi m'bale wathu wosamalira maluwa kapena wopenta wolipidwa pa tsiku. Eni nyumba amapita kuntchito, n'kudzabwera madzulo fumbi litakhazikika. Wolipuma ndi inu, achimwene.

Kukana ntchito n'kovuta pamene kunyumba kulibe ufa, tikudziwa. Koma simukuyenera kukana. Mukhoza kupereka njira ina. Auzeni mwaulemu kuti, "Bwana, siling'i zakalezi zina zimakhala ndi asibesitosi, fumbi lake lilowa m'makatani ndi m'zipinda za ana. Bwanji timate pamwamba kapena tikhome bolodi?" Eni nyumba ambiri akamva za ana awo amamvetsa msanga, ndipo ntchito yomata imalipiranso bwino kuposa yopala.

Musakhulupirire zoti kumwa mkaka mukaweruka kumatsuka fumbi. Mkaka umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Ndiponso zovala za ntchito yotere musapite nazo kunyumba kuti mayi akachape. M'mayiko ambiri akazi a anthu ogwira ntchito za asibesitosi adadwala chifukwa chokung'untha ndi kuchapa maovololo a amuna awo. Za chitetezo cha pa ntchito muno zimayang'aniridwa ndi bungwe la boma la NSSA, ndipo mukhoza kukafunsa kumeneko.

Ndikuchita lendi. Ndili ndi ufulu wosintha?

Osayamba mwagwirizana ndi eni nyumba, makamaka molemberana. Chimene muyenera kuchita ndi kuwauza msanga mukaona dontho, mng'alu ukukula kapena tizidutswa tikugwa, ndipo jambulani zithunzi za tsiku limenelo kuti potuluka asadzakudulireni dipoziti. Kachidutswa kakagwa, katoleni ndi kansalu konyowa. Ngati siling'i yalendewera pamwamba pa bedi, sunthani bedi lero.

Kodi imatsitsa mtengo wa nyumba? Ndiikonze ndisanagulitse?

Ogula ena amaiona ngati yachikale, zoona. Koma muno mu Harare wogula amayamba wafunsa za mapepala a nyumba, madzi a pachitsime, sola, mpanda ndi denga. Siling'i yokhakhala yoyera bwino siithawitsa munthu. Yamadontho achikasu ndiyo imamuuza kuti denga likudontha, ndipo amatsitsa mtengo pompo.

Poyerekeza mitengo ya amisiri, afunseni onse mtengo wa pa sikweya mita, ndipo aliyense anene ngati muli zipangizo, mkombero wa m'mphepete, penti ndi kutaya zinyalala. Amene wanena mtengo wotsika kwambiri wa kuchotsa mufunseni kuti achotsa bwanji. Akati ndi makina okwechera, tsiku limodzi zatha, funani wina.